Kafukufuku wa ku Lizulu: kope la momwe ntchito ikuyendera

Sabata yomaliza ya Meyi 2024

Aphunzitsi omwe akundiyang'anira pa kafukufukuyu anandilangiza kuti ndizilemba m'kope chilichonse chomwe chikuchitika, choyenda bwino ndi cholephereka chomwe, chifukwa ikadzafika nthawi yolemba mutu wofotokoza njira zomwe ndinatsata ndidzakhala nditaiwala chomwe chinandisiyitsa njira ina n'kunditengetsa ina. Ndine wophunzira wa chaka chachinayi pa Mzuzu University, m'maphunziro a zamalaibulale ndi kasamalidwe ka mauthenga, ndipo mutu womwe unavomerezedwa ndi wofufuza momwe alimi a mbatatesi a ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, amapezera mauthenga okhudza ulimi wawo. Ndinasankha Lizulu chifukwa ndi kwawo kwa amayi anga, kotero za pogona ndi nsima sizikundidetsa nkhawa. Anzanga ambiri a m'kalasi anasankha mitu yoti aifufuzire pasukulu pomwepo poopa ndalama za ulendo, monga momwe ophunzira amagwiritsira ntchito mabuku a pa intaneti. Mitu yotereyi ili ndi phindu lake, makamaka pasukulu yomwe laibulale yake idapsa ndi moto mu Disembala 2015, koma ine ndinkafuna kumva kwa anthu omwe sanapondepo m'laibulale iliyonse koma tsiku ndi tsiku amafuna kudziwa za mvula, za matenda a mbewu ndi za mitengo ya pamsika.

Pa chiwerengero cha anthu oti ndiwafunse tinakambirana kwa nthawi yaitali. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, ndipo ndondomeko ya Krejcie ndi Morgan ya mu 1970, yomwe pafupifupi wophunzira aliyense amaitchula m'lipoti lake, imasonyeza kuti pa khamu lalikulu chotere wofufuza afunse anthu oyandikira 384. Ndi foni imodzi, miyendo iwiri ndi ndalama zotsala pa ngongole ya sukulu, nambala imeneyo ndi maloto chabe. Tinagwirizana zoti ndifunse alimi 60 payekhapayekha m'midzi itatu, ndichititsenso zokambirana za m'magulu zinayi, ndipo ndidzanene mosabisa m'lipoti kuti zotsatirazo zikukamba za midzi imeneyi yokha. Bajeti yanga ndidailemba kwacha isanachepetsedwe mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho ndalama zosindikizira mapepala a mafunso zinangokwana makalata opempha chilolezo ndi mafomu a chivomerezo. Mafunso enieniwo ndawaika pa KoboCollect, pulogalamu ya pafoni yomwe imasunga mayankho ngakhale kulibe netiweki.

Makalata ayenda motere: ya kusukulu ndinaipereka ku khonsolo pa boma, kumeneko ananditumiza ku ofesi ya zaulimi, ndipo a zaulimi anandilumikizitsa ndi alangizi a dera lino. Chatsala ndi kukaonekera kwa mafumu, ndipo amalume alonjeza kundiperekeza, ati mwana wamkazi sangangotulukira pabwalo la a gulupu ndi kope m'manja ngati wokhometsa msonkho.

Masiku oyamba a Juni

Ndinkaganiza kuti kumasulira mafunso kuchoka m'Chingerezi ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma yatenga masiku anayi ndipo sindinakhutire nayobe. Vuto lagona pa liwu lomwe maphunziro athu onse atsamirapo, lija timati information. Ndinalimasulira kuti uthenga, monga momwe timamvera pa wailesi ndi m'zikalata za boma, ndipo ndinayesa funso loyamba pa amalume madzulo tili kuotha moto m'khitchini, pakuti kuno mu Juni kumazizira kolowa m'mafupa. Nditawafunsa kuti, "Amalume, kodi mauthenga a zaulimi mumawapeza kuti?" anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Mphwanga, uthenga munthu sachita kuupeza, umachita kukupeza. Wina amatumidwa, nabwera kudzakuuza. Ukunena za ulangizi kapena za nkhani?"

Yankho limeneli landisowetsa tulo, chifukwa likuonetsa kuti pomwe Chingerezi chili ndi liwu limodzi, anthu a kuno ali ndi angapo, ndipo lililonse lili ndi khomo lake lolowera. Uthenga uli ndi mwini wake ndiponso wotumidwa, monga uthenga wa maliro kapena wa msonkhano wa kwa mfumu. Nkhani imangomveka, mwini wake sadziwika kwenikweni, ndipo munthu ali ndi ufulu woikhulupirira kapena kuitaya. Ulangizi umachokera kwa munthu wa udindo, mlangizi kapena mlimi wachitsanzo. Ndiye pali nzeru, zomwe mlimi amatola kwa mnzake poona momwe wakwezera mizere kapena momwe wasungira mbewu yake ya mbatatesi kuti imere maso bwino. Chidziwitso, liwu lomwe anzanga ena anagwiritsa ntchito m'mafunso awo, amalume ati amalimva kutchalitchi kokha. Funso limodzi lija ndaligawa panayi, ndipo ndalemba chifukwa chake kuti ndidzathe kudziteteza pamaso pa oyesa.

Mafunso aja oti munthu asankhe pakati pa kugwirizana nazo kwambiri, kugwirizana nazo pang'ono ndi kusagwirizana nazo ndawachotsa onse. Anthu asanu omwe ndinayeserapo anagwirizana ndi chilichonse chomwe ndinawawerengera, ngakhale ziganizo ziwiri zotsutsana, ndipo sichinali chifukwa cha kusamva ayi, koma ulemu, pakuti mlendo wochokera ku yunivesite satsutsidwa pakhonde. M'malo mwake ndajambula pa katoni zithunzi za wailesi, foni, mlangizi, sitolo ya zipangizo zaulimi, msika, tchalitchi ndi mjigo, ndipo wofunsidwa ndizimupatsa njere khumi za chimanga kuti agawe pa zithunzizo molingana ndi komwe amamva zambiri.

Sabata yoyamba ya Juni, kumapeto

A gulupu anatilandira bwino, nauza nyakwawa za midzi itatu kuti zimemeze alimi a mbatatesi Lachisanu m'mawa. Ndinkayembekezera anthu makumi awiri kapena atatu, koma pofika pabwalo ndinapeza khamu lodzaza pansi pa mtengo mpaka kumsewu, ena okalamba oti khasu adalisiya kalekale. Nditangokhala pamphasa, agogo ena aakazi anasendera pafupi, namasula mfundo ya pakona ya chitenje, natulutsa kajumbo ka shuga kopindidwa kanayi, ndipo mkati mwake munali chitupa cha unzika. Anachiika pamwamba pa kope langa ndi manja awiri, nati, "Mwanawe, undilembe ine poyamba, chaka chatha adandidumpha."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti uthenga wanga womwe udasintha panjira. Chaka chino mvula inadula chifukwa cha El Niño, ndipo pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. M'chaka chotere munthu wobwera ndi kope, atadzera kwa mfumu, ndiye kuti akulemba mayina a olandira chimanga, kapena a Mtukula Pakhomo, kapena a feteleza wotsika mtengo wa AIP. Ndinaimirira n'kufotokoza kawiri konse kuti ndine mwana wa sukulu, kuti ndilibe thandizo lililonse loti ndipereke, ndiponso kuti mayina awo sadzapita ku ofesi ina iliyonse. A gulupu anabwereza mawu anga mwa njira yawo, nati, "Uyu ndi mwana wathu, wabwera kudzaphunzira kwa inu, sanabwere ndi thumba." Anthu oposa theka ananyamuka mwakachetechete. Agogo aja ndinawabwezera chitupa chawo ndili ndi manyazi aakulu, ndipo anachikulunganso m'kajumbo kaja mosafulumira, osandiyang'ana.

Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinalola kuti uthenga woitanira anthu udutse pakamwa pa anthu atatu popanda kupempha kuti aliyense anenenso kuti palibe cholandira. Otsalawo ndinawawerengera fomu ya chivomerezo m'Chichewa, ndipo osatha kulemba anadinda chala. Pa KoboCollect palibe dzina la munthu, pali nambala yokha, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina lili m'chikwama chokhoma kunyumba kwa amalume. Pofika Lamlungu ndinali nditafunsa alimi 14, ndipo pafupifupi onse anaunjika njere zambiri pa chithunzi cha wailesi, zomwe zikugwirizana ndi zomwe ndinawerenga ndisanabwere.

Kuyambira pa 10 mpaka pa 17 Juni

Sabata ino sindinafunse munthu aliyense. Lolemba pa 10 kunamveka kuti ndege yomwe inanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, yasowa, ndipo Lachiwiri kunalengezedwa kuti yapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndipo anthu onse asanu ndi anayi omwe anali m'menemo amwalira. Malemuwo kwawo kunali ku Nsipe, m'boma lomwe lino, kotero maliro anali a pakhomo, ndipo sikukanakhala kwa umunthu kuyenda m'makomo ndi mafunso a mbatatesi. Mtembo unadutsa pa msewu wa M1 Lamlungu pa 16, anthu atandanda m'mbali mwa msewu, ndipo unaikidwa ku Nsipe pa 17.

Ngakhale kope la mafunso linali lotseka, zomwe ndinaona masiku amenewa zakhudza kafukufukuyu kuposa mayankho onse omwe ndinali nditasonkhanitsa. Lolemba madzulo ndinapita pamsika kukatchajitsa foni, ndipo pa kashopu kotchajira panali anthu oposa makumi awiri atazungulira kawailesi kamodzi, pomwe anyamata atatu anali ndi mafoni a WhatsApp akuseweretsa mawu ojambulidwa omwe ankangofika motsatizana. Zonenedwa pa wailesi zinali zochepa ndiponso zobwerezabwereza, chifukwa atolankhani ankadikira zotsimikizika, pomwe za m'mafoni zinali zambiri, zotentha, ndipo zina zinkatsutsana zokhazokha. Sindizilemba muno chifukwa si za kafukufuku wanga. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti m'mawa mwake, pamjigo, ndinamva mayi wina akufotokozera anzake imodzi mwa nkhani za m'mafoni zija, nayamba ndi mawu akuti, "Anena pa wailesi." Ine ndinali pomwepo usiku wonse uja, ndipo wailesi sinanene zimenezo.

Ndinabwerera kunyumba ndi ndowa pamutu ndikuwerengera m'mutu njere zija zomwe alimi 14 anaunjika pa chithunzi cha wailesi, ndipo ndinayamba kukayika ngati zikutanthauza zomwe ndinkaganiza. Nditatsegula mayankho ndinapeza kuti asanu ndi mmodzi mwa iwo, pa funso lina la kumapeto, ananena kuti pakhomo pawo palibe wailesi yogwira ntchito.

Sabata yachinayi ya Juni

Ndinaimbira foni aphunzitsi ondiyang'anira nditakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pakuti m'nyumba foni imakonda kugwira netiweki ya ku Mozambique, dziko lomwe malire ake ali tsidya la msewu pomwepa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandikumbutsa zomwe tidaphunzira m'chaka chachiwiri za Katz ndi Lazarsfeld, omwe mu 1955 adafotokoza kuti zonenedwa m'nyuzipepala ndi pa wailesi zimayamba zafika kwa anthu ochepa omwe anzawo amawadalira, ndipo iwowo ndiwo amazipititsa kwa ena. Ndidayankha bwino funso limeneli pa mayeso, koma sindidaganizepo kuti likukamba za pamjigo pa kwathu. Anandilola kuonjezera njira ina pa kafukufukuyu, bola ndilembe kalata yodziwitsa komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku, ndipo kalatayo ndinaitumiza tsiku lomwelo.

Njira yatsopanoyi ndi yolondola mapazi a uthenga umodzi. Ndasankha chenjezo lomwe nthambi yoona za nyengo idapereka dzinja lapitali lisanayambe, loti kukubwera El Niño ndipo mvula ikhoza kuchepa m'madera ambiri. Wofunsidwa ndikumufunsa ngati adamva chenjezolo mvula isanagwe, kuti adali pati pomwe ankalimva, ndani adalankhula, ndipo adanena mawu otani. Akatchula munthu, ndikupita kwa munthuyo kukamufunsa chimodzimodzi, mpaka nditafika pomwe unyolo wathera.

Unyolo woyamba unanditengera masiku atatu. Mayi wa nambala 9, yemwe anaika njere zisanu ndi ziwiri pa wailesi, atafunsidwa za malo anakumbukira kuti adamva ali kudimba, kwa mlamu wake wamkazi, ndipo mawu ake adali akuti chaka chino tibzale msanga. Mlamuyo ndinamupeza akusankha mbatatesi zokagulitsa, zazikulu mbali ina, zazing'ono za mbewu mbali ina, ndipo anati iye adamva ku banki m'khonde, kwa mlembi wa gulu lawo, ndalama zitatha kuwerengedwa. Mlembiyo anati adauzidwa ndi amuna awo, omwe ndi mlimi wachitsanzo. Bambowo ndiwo adakhala pa msonkhano wa alangizi, ndiponso adamva okha pa wailesi ya m'foni mwawo, ndipo atandibwerezera zomwe adamva ndinapeza kuti zidali zoti mvula ikhoza kudula, choncho alimi abzale mbewu zocha msanga ndi zopirira ku ng'amba. Pakati pa bambowo ndi mayi wa nambala 9, kubzala mbewu zocha msanga kudasanduka kubzala msanga, ndipo za kuchepa kwa mvula zidagwera panjira. Mayiyo adabzaladi chimanga chake cha makolo ndi mvula yoyamba, ndipo atandionetsa nkhokwe yake sindinafunsenso za zokolola.

Sindinganene kuti kusintha kwa mawuko ndiko kudamulanda chimanga, chifukwa ng'amba idapsereza ndi minda ya omwe adamva uthenga wonse bwinobwino, ndiponso mbewu yocha msanga imafuna ndalama zomwe mwina analibe. Chomwe ndingaime nacho n'chakuti pa fomu yanga mayiyu analembedwa ngati womvera wailesi, pomwe pakati pa iye ndi wailesiyo pali anthu atatu.

Nditamufunsa mwaulemu chifukwa chomwe anatchulira wailesi, anaseka nati, "Nanga ndikanati ndinamva kwa alamu anga, mukanalemba? Za kwa alamu ndi nkhani chabe." Ena awiri anapereka chifukwa china, choti kutchula dzina la mnzako kwa mlendo wolemba m'kope kuli ngati kumuika pa mlandu, ndipo zikadzavuta adzati ndiwe unamunenera. Wailesi ilibe mudzi, siingaitanidwe kubwalo, ndiye ndi pabwino pobisalira.

Sabata yoyamba ya Julayi

Zokambirana za m'magulu zachitika zitatu, ziwiri za amayi ndi imodzi ya abambo. Ndinawalekanitsa dala, ndipo sindikudandaula, chifukwa amayi ananena zinthu zomwe sakanazinena amuna awo ali pomwepo. Pakhomo pakakhala wailesi, kawirikawiri imakhala ya m'foni, ndipo foniyo imayenda m'thumba la bambo kupita kumsika kapena ku bawo. Mafoni ena salankhula wailesi popanda zomvera za m'makutu, chifukwa chingwe chake ndicho chimakoka mawu, ndiye womva amakhala mmodzi yekha ngakhale banja lonse lili pakhonde. Mayi wina anati iye mapologalamu a zaulimi amangowamva kothera, pomwe akulowa m'nyumba ndi mbale za nsima woulutsa akutsanzika.

Pa nkhani ya mitengo ya mbatatesi, wailesi sinatchulidwe n'komwe. Mtengo umabwera ndi mavenda omwe amafika ndi magalimoto, ndipo mlimi wofuna kudziwa ngati akumudyera masuku pamutu amaimbira mbale wake wa ku Lilongwe kuti akafunse pamsika wa Wakawaka, kapena wa ku Blantyre kuti akaone ku Limbe. Yemwe alibe mbale m'tauni amadalira yemwe ali naye, ndipo abambo anavomereza akuseka kuti munthu sauza mnzake mtengo weniweni asanagulitse zake. Pa matenda a chiwawu, omwe amapsereza masamba a mbatatesi kukakhala chinyezi ndi nkhungu, mlangizi wamkulu ndi wogulitsa mankhwala m'sitolo. Bambo wina anatulutsa m'thumba la jekete paketi yopanda kanthu ya mankhwala opopera yomwe anagula tsidya la msewu, malangizo ake onse ali m'Chipwitikizi, ndipo anati muyezo wake amauloweza kuchokera kwa mnyamata wa m'sitoloyo, masupuni angapo pa sipuleya imodzi. Ndinaijambula paketiyo, pakuti kwa wophunzira za mauthenga chimenechi ndi chikalata chomwe chafika kwa mwini wake koma chosawerengeka.

Ndinali ndi funso lina lokhudza lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga ku maofesi a boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. M'magulu onse atatu palibe yemwe analizindikira, ndipo nditalifotokoza bambo wina anafunsa ngati lingamuthandize kuona mndandanda wa olandira feteleza usanapachikidwe. Funso lake linali labwino kuposa langa, ndipo ndalilemba momwe analinenera.

Zokambirana za gulu lachiwiri la amayi zaonongeka theka. Tinakhala panja chifukwa m'kalasi yomwe tinabwereka munali ana, ndipo mphepo inkaomba molunjika pa foni, moti pomvetsera madzulo ndinangomva kuwuma kokhakokha ndi mawu apa ndi apo. Ndinalemba zomwe ndinkakumbukira usiku womwewo ndi tochi, magetsi atazima, koma zimenezo sindingazigwiritse ntchito ngati mawu enieni a ofunsidwa. Kuyambira tsopano foni ndikuiveka sokosi ndi kuiika m'kati mwa dengu.

Sabata yachiwiri ya Julayi

Kulemba zojambulidwa ndiyo ntchito yomwe ikudya nthawi koposa. Ola limodzi la zokambirana likunditengera maola asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa anthu amalankhulira pamodzi, amaseka, ndipo ena amayankha ndi mwambi womwe tanthauzo lake limadalira yemwe amamuyang'ana. Ndinayesa pulogalamu ina yomwe anzanga amagwiritsa ntchito posandutsa mawu kukhala zolemba, koma Chichewa cha kuno inachisandutsa Chingerezi chopanda mutu, ndiye ndabwerera ku makutu ndi zala. Laputopu ndi yobwereka kwa msuweni wanga wophunzitsa kusekondale, ndipo ndimaipeza iye akaweruka. Zolemba zonse ndikuzitumiza ku imelo yanga usiku, pomwe bandulo yotsika mtengo imagwira, kuopa zomwe zinaonekera mnzathu wina yemwe foni yake inabedwa m'basi muli mayankho a mwezi wathunthu.

Pa gulu la WhatsApp la kalasi yathu nkhani ndi imodzimodzi, ya mitu yobwezedwa ndi inki yofiira, ya Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati wophunzira wakopera zolemba za ena, ya SPSS, pulogalamu yosanthulira manambala a kafukufuku, yomwe yakana kutseguka, ndi ya eni nyumba za lendi omwe akufuna ndalama zawo ngakhale mwini chipinda ali kumudzi. Mmodzi anafunsa ngati pali vuto kudzaza yekha mafomu khumi otsala, ndipo ngakhale analemba ngati nthabwala, palibe anaseka. Ndikumvetsa komwe maganizo otere amachokera, chifukwa fomu yodzazidwa pa tebulo ndi yodzazidwa kumudzi zimaoneka chimodzimodzi zikalowa mu kompyuta. Koma mafomu anga 14 oyamba aja, omwe ndinawadzaza moona mtima pamaso pa anthu enieni, nawonso ankandinamiza, ndipo ndinadziwa chifukwa choti ndinali pamjigo.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Dedza kukaonana ndi mnzanga wa kusekondale yemwe akuphunzira utolankhani ku MUBAS, sukulu yomwe inkatchedwa Polytechnic isanaime payokha mu 2021, ndipo pano akuphunzira ntchito pa wailesi ina ya m'dera. Nditamufotokozera za unyolo uja maso ake anawala, nati imeneyo ndi pologalamu yathunthu, ndimupatse mayiyo ndi mlamu wake akawajambule. Ndinakana, chifukwa ndinawalonjeza anthuwo kuti mayina ndi mawu awo sadzamveka kwina, ndipo tinatsutsana pang'ono, iye akuti nkhani yopanda dzina ndi mphekesera, ine ndikuti dzina likatuluka sadzandiuzanso zoona. Maphunziro athu ndi apachibale koma pamenepa amasiyana. Chomwe anandipatsa chamtengo wapatali n'chakuti a pa wailesi omvera awo amawadziwira kwa oimba foni ndi otumiza mauthenga pa pologalamu, omwe ambiri ndi abambo okhala ndi mayunitsi, ndipo mayi womva uthenga pa munthu wachinayi sadziwika kuti aliko. Anati akauza mkulu wa mapologalamu kuti chenjezo lofunika lizinenedwa m'chiganizo chimodzi chachifupi chomwe munthu angachinyamule osachithyola, ndipo ndamupempha kuti adzandiuze zomwe adzayankhidwe.

Sabata yachitatu ya Julayi

Pofika lero ndafunsa alimi 52 mwa 60, zokambirana za m'magulu zatha zonse zinayi, ndipo zolembedwa bwinobwino ndi ziwiri ndi theka. Maunyolo omwe ndawalondola ndi asanu ndi awiri. Anayi anakathera kwa munthu yemwe adamvadi yekha pa wailesi kapena kwa alangizi, umodzi unathera pa chilengezo cha kutchalitchi, umodzi unaduka chifukwa wotchulidwayo anakana kufunsidwa, zomwe ndi ufulu wake, ndipo wachisanu ndi chiwiri udakali panjira. Alimi 14 oyamba aja ndawabwerera onse kupatula awiri, kuti ndiwafunse funso la malo ndi munthu lomwe panthawiyo linalibe pa fomu.

Mutu wachiwiri wa lipoti uyenera kulembedwanso. Ndidaumanga pa ndondomeko ya Wilson ya mu 1981, yomwe imayambira pa munthu wozindikira kuti akusowa kudziwa kanthu ndipo amanyamuka kukafunafuna. Ndondomekoyi ikukwanira pa nkhani ya mitengo ndi ya chiwawu, pomwe mlimi amaimbadi foni kapena kupita kusitolo, koma pa nkhani ya nyengo palibe yemwe adanyamuka, chenjezo lidawapeza ali kudimba, ku banki m'khonde kapena kutchalitchi, monga momwe amalume ananenera tsiku lija pamoto. Aphunzitsi ati ndisataye Wilson koma ndimuike pambali pa Katz ndi Lazarsfeld, ndipo ndionetse pomwe aliyense akulekera. Ndapemphanso kuti mawu a ofunsidwa adzalembedwe m'Chichewa momwe anawanenera, Chingerezi chizibwera pansi pake, chifukwa kusiyana kwa uthenga ndi nkhani kukafera m'kumasulira ndiye kuti mutu wachinayi wonse, wa zotsatira za kafukufuku, wagwa. Avomera, koma achenjeza kuti masamba asapitirire malire.

A gulupu anandiitanitsa Lachitatu kudzafunsa kuti zomwe ndapeza adzazimva liti, pakuti ati ofufuza ambiri adadutsa m'mudzi muno ndipo palibe adabwerako. Ndalonjeza masamba awiri a m'Chichewa oti adzawerengedwe pabwalo lipoti likadzavomerezedwa, ndipo ndalemba lonjezolo muno kuti lidzanditsutse ndikadzaiwala. Ndawapemphanso kuti poitanira anthu tsiku limenelo ndidzayende ndi nyakwawa ndekha khomo ndi khomo.

Ndiyenera kukhala nditabwerera ku Mzuzu kumapeto kwa mwezi uno, ndiye masiku otsalawa ndawagawa motere: atatu a alimi asanu ndi atatu otsala, anayi a kulemba zojambulidwa, ndi limodzi la unyolo wachisanu ndi chiwiri. Munthu wachitatu pa unyolowo ndi bambo wa kabaza wa njinga yamoto, yemwe akuti adamva chenjezo kwa wokwera wina, ndipo pakali pano ali ku Ulongwe, tsidya la malire, komwe anaperekeza katundu. Akazi awo ati amabwera tsiku la msika, ndipo ndikamudikirire pa siteji m'mawa asanayambe kunyamula anthu.